Nkhata za Galimoto ya Apongozi

Ine apongozi anga ndinkawadziwa msana. Msana wokha, ee, msana ndi chipewa, ndi kachifuwa kaja kamene ankatsokomola akafika pa mtengo wa peyala kuti ndidziwe kuti abwera, ndizembe. Apongozi ndikunenawa ndi amuna a mwana wanga wamkazi woyamba. Anabwera pamudzi pano miyendo ili ngati bango, anamanga kuseri kwa nthochi, anabereka, ana anakula. Kenako ntchito ya udalaivala pa esiteti ya tiyi inawapatsa nyumba kumunsi, pafupi ndi fakitale, nasamukira kumeneko. Zaka zonsezo nkhope yawo ine osaiyang'ana.

Ndi mmene tinakulira kuno. Makolo athu anausenza mwambowu kuchokera ku Mozambiki pamodzi ndi mbewu ya nyemba za kalongonda: mkamwini ndi amake a mkazi wake sayang'anana m'maso, sapatsana chinthu pamanja, sakhudzana. Mukakumana panjira, wina amalowa m'tiyi. Ine ndalowamo kangati m'tiyi! Mame kunyowetsa chitenje, ine ndili chete m'mizere, apongozi akudutsa ndi njinga, nawonso khosi atapotolera kuphiri. Si chidani ayi. Ndi ulemu, ulemu wonona ngati peyala lakupsa.

Mawu tinkatumizirana. Pakakhala mwana wanga, ankanyamula ndi iyeyo. Pakasowa munthu, ngakhale nkhuku inkagwira ntchito. Ndinali ndi thadzi langa la mawangamawanga losachoka pakhonde, ndiye apongozi ankaima patali n'kunena kuti, "Nkhuku iwe, uwauze amayi kuti ndasiya shuga pa mtondo." Ine mkati mwa nyumba, "Nkhuku iwe, uwauze kuti Mulungu awabwezere pamene achotsapo." Thadzi lili phee, kutolatola.

Nyumba yanga ili pamwamba, pamene tiyi wa esiteti amathera, minda yathu ya nandolo n'kuyamba. Kale phiri limeneli ndinkalitsika ndi nyimbo, kulikwera ndi nyimbo. Koma tiyi anandidya mawondo. Dengu kumsana, potsetsereka, mvula ndi dzuwa, kuthyola, kuthyola, kuthyola, mpaka mawondo anati basi, ife tatopa. Masiku ano ulendo wanga ndi wa pakhonde kupita kukhitchini, ndodo patsogolo, ine pambuyo.

Tsono mdzukulu wanga, mwana woyamba wa apongoziwa, amene ndinamulera ndekha pamphasa yanga, anakwatiwa, n'kuima. Anabwera kudzandiona mimba itayamba kuoneka, nakhala pansi n'kutsamira pamwendo panga.

"Agogo, tsiku langa likafika ndikufuna inuyo pafupi."

"Amako alipo, nanga amako ndi mtengo?"

"Amayi ndi amantha, akaona magazi a nkhuku amakhala pansi. Inuyo, agogo. Mudzandiimbire, ndipo mwanayo mudzamulandire m'chitenje chanu."

Pakamwa panavomera, mtima unagwa. Ndinapinda zala kuwerenga miyezi, n'kuona kuti tsikulo ligwera pakati penipeni pa dzinja, pamene msewu wathu umasanduka phala. Apongozi galimoto anali nayo, yakale, ya mabwana a pa esiteti, ija imakoka ndi matayala onse anayi. Anaigula pamene esiteti inkagulitsa magalimoto otopa. M'chilimwe inkafika pakhomo panga, ikukhulakhula mimba pamiyala. Koma mvula ikagwa, mathirakitala otuta tiyi amakumba ngalande ziwiri mumsewumo, pakati n'kutsala chulu, ndiye galimoto ija inkangokhalira mimba pachulupo ngati nkhuku yofungatira, matayala akuzungulira chabe. Dzinja lonse pakhomo panga sipankafika tayala.

Mwana wanga anakawauza amuna ake kuti amayi akulira chamumtima. Iwo akuti anangotuluka panja n'kukaizungulira galimoto.

Mwezi wotentha uja, majakaranda atathira maluwa mumsewu, ndinamva kachifuwa pa peyala. Ndinakoka mpando wanga, n'kukhala chammbali, nkhope kukhoma. Anabwera ndi mnzawo wa kugalaja ya esiteti, makaniko wamimba, wa pakamwa posatseka. Ameneyo ndiye ndinkatha kucheza naye momasuka.

"Agogo! Mkazi wanga wokongola, mwadzuka bwanji?"

"Mwamuna wanji wobwera manja ali zii? Sopo ali kuti?"

"Sopo mawa. Lero tabwera kudzakweza galimoto. Bwalo lanu ndi losalala, lolimba, ndipo pali mthunzi."

"Kuikweza kupita nayo kuti? Kumwamba?"

Anaseka mpaka mimba kugwedezeka. Anatsegula katoni n'kundiikira chinthu m'manja: chakuda, chozungulira, cholemera, chachitali ngati chibakera changa, pakati pali chibowo. Anandifotokozera kuti galimoto yamtunduwu ili pawiri. Pansi pali chasisi, zitsulo zija zonyamula injini ndi matayala. Pamwamba pali bodi, nyumba imene anthu amakhalamo, yongomangidwa pachasisipo ndi mabawuti. Ndiye amasula mabawutiwo, anyamule bodi, alowetse zinthu zakudazi pakati, amangenso ndi mabawuti aatali.

"Ooo," ine, "nkhata!"

"Chiyani, agogo?"

"Nkhata, mwamuna wanga wopanda sopo. Mutu pansi, mtolo pamwamba, pakati nkhata."

Kuseri kwa galimoto ndinamva kuseka kwapansipansi, kofulumira kubisidwa. Anali apongozi. Kuyambira pamenepo onse awiri ankangoti nkhata. Patseni nkhata, nkhata yakhota, nkhata yalowa.

Ayi, ntchito ndinaiona, ngakhale ndinkaionera pakona ya diso. Anayamba ndi kuika miyala kumatayala ndi kuchotsa waya wa batire. Anachotsa mabampala, kutsogolo ndi kumbuyo, galimoto n'kutsala ngati nkhalamba yopanda mano. Anakwawira pansi kumasula mabawuti, ndipo mabawutiwo, dzimbiri la matope a Thyolo litawagwira zaka ndi zaka, ankalira kwiii ngati mwana wa nkhumba. Lina linakaniratu. Analithira mafuta, kuligogoda, kulinyengerera, makaniko kulitukwana ndi kulitukwanira amake omwe, apongozi n'kumudzudzula kuti, "Amwene, pali amayi pano." Linadzamasuka dzuwa litapendeka.

Sananyamule bodi yonse nthawi imodzi ayi. Mbali imodzi anangofewetsa mabawuti, mbali inayo n'kuwachotseratu. Anaika thabwa lochindikala pa jeke kuti chitsulo chisaboole bodi, n'kumapopa pang'onopang'ono. Akapopa pang'ono, aime, asuzumire. Pali waya wakoka? Pali paipi yamangika? Apopenso. Galimoto inapendekeka ngati mayi wosenza ndowa mbali imodzi, ndipo pakati pa bodi ndi chasisi panatseguka mpata woti ndinkaonera nthochi za tsidya linalo. Mtima wanga uli m'mwamba, chifukwa manja a apongozi anali momwemo mumpatamo, akulowetsa nkhata. Ndinayamba kuimba chapansipansi:

Jeke iwe gwira, gwira,
manja awo ndi a ana anga,
jeke iwe usagone.

Jeke anamva. Nkhata zinalowa mbali iyi, mawa lake mbali inayo.

Ine ndinkayesa kuti ntchito yatha, kani ndi pamene yayamba. Bodi ikakwera, zonse zolumikiza pamwamba ndi pansi zimafupika. Ndodo ya chiwongolero anaiwonjezera kachitsulo. Paipi yothirira mafuta anaika ina yaitali. Rediyeta anaitsitsa kuti iyang'anane ndi chopemerera mphepo chake. Mapaipi a mabuleki anawayang'ana, kuwayang'ananso, makaniko nthabwala zitamuthera. Ndipo atalowa mkati anapeza giya yamira, yangotsala kamutu, ngati chinangwa chobzala mozama. Makaniko anafuula, "Amwene, giya mwadya?" Anaiwotcherera kachitsulo kena, inatalika.

Masiku amenewo thadzi langa lija linapeza nyumba. Linkalowa mumpata watsopano uja, n'kukhala pachasisi, maso ali tong'o. Akalithamangitsa, libwerere. Makaniko anati, "Agogo, kapitawo wanuyu akuyendera ntchito."

Atamanga zonse, galimoto inaima yaitali, koma ine diso langa silinakhutire. Ndinawerama mmene ndingathere, n'kusuzumira pansi.

"Mwamuna wanga, tabwera. Nyumbayi yakwera, ndaona. Koma mimba ija imakhala pachulu ili pomwe paja."

Makaniko anatsegula pakamwa, koma anayankha ndi apongozi, ali kuseri, akulankhula ndi thadzi.

"Nkhuku iwe, uwauze amayi kuti aona bwino. Nkhata sizikweza mimba. Nkhata zangotsegula malo oti mulowe matayala akuluakulu, amene kale akanakhula bodi. Matayalawo ndiwo adzakweze mimba. Ndikawaika kutauni."

"Nkhuku iwe," ine, "uwauze kuti ndamva, ndipo mtima wakhala pansi."

Chomaliza anachotsa masitepe a m'mbali, aja munthu amapondapo pokwera. Anali opindikapindika kale, ndipo makaniko anati ndi amene amayamba kukola miyala. Anawaponya kumbuyo kwa galimoto, gwengwerere, nanyamuka. Ine kuwayang'ana masitepewo akupita, osaganiza kanthu. Iwonso osaganiza kanthu. Tonse mitima inali pamsewu.

Mvula inabwera, inabwera ndi abale ake omwe. Tiyi anaphuka, mapiri onse biliwiri. Nthawi imeneyo ndiyo yothyola kwambiri, moti kukangocha mudzi wonse umakhuthukira m'minda ya esiteti, amayi, abambo, aliyense wa miyendo, pulasitiki m'chiuno, dengu kumsana. Pamudzi timatsala ife okalamba ndi nkhuku.

Mmawa wina, mvula itagwa osapuma kuyambira dzulo lake, kafoni kanga kanalira. Anali mwana wanga.

"Amayi, matenda ayamba. Tili kale kuchipatala. Bambo ake atitula kuno, akubwera kudzakutengani. Konzekani."

Ndinali wokonzeka kalekale. Chitenje chatsopano ndinachipinda mwezi wathawo. Ndinavala, ndinamanga duku, n'kukhala pakhonde, thadzi litabisala pansi pa mpando wanga. Kumvetsera. Mvula yokha pamalata. Kumvetsera. Kenako kutali, kumunsi kwa phiri, huuu. Kuleka. Huuu. Pamene paja imakhalira mimba ndimapadziwa, pa mtengo wa bulugamu wopsa ndi mphezi. Inafika pamenepo, inalira, inalira, ine ndagwira ndodo ndi manja awiri, ndipo mawu aja m'malo mofera pomwepo anakula, anakula, mpaka mphuno yake inatulukira pa nthochi, yofiira ndi matope mpaka padenga, matayala ngati a thirakitala.

Nthungululu ndinaimba ndekha, mudzi wopanda anthu. Yafika, yafika, ya nkhata yafika! Dzinja lachita manyazi, yafika!

Apongozi anatsika, anatsokomola mwa mwambo ngakhale ndinali pomwepo, anatsegula chitseko cha kumbuyo, n'kukaima kutsogolo atandifulatira. Ndinatsika pakhonde, ndodo patsogolo, ine pambuyo, mpaka pachitseko.

Mayo ine.

Pansi pa galimoto, poponda, panali pa mchombo panga. Ine ndine wamfupi chibadwire, ndipo ukalamba wandipindanso. Ndinakweza mwendo, bondo linati ayi. Ndinagwira mpando ndi manja awiri kuti ndidzikoke, manja anaterereka. Ndinayesanso. Ndinangotsala nditatsamira pamenepo, mvula ikundimenya pamsana.

Apongozi anamva kuti kuli zii. Anayang'ana pansi chammbali, anaona mapazi anga akadali m'matope. Anathamanga kukatenga njerwa kuseri kwa khitchini, kuzisanja, kubwerera kutsogolo. Nditapondapo, njerwa zinamira n'kupendekeka. Anagubuduza mtondo, koma mtondo nawo ndi wautali, bondo lomwe lija linakana. Anayesa kuisendeza galimoto kukhonde, mizu ya peyala ndi ngalande ya madzi zinaitsekereza, ndipo khonde langa ndi lalifupi kale. Anakuwa kuitana kwa aneba. Anayankha ndi galu.

Kafoni kanaliranso. "Amayi, muli pati? Akungoitana inu. Anamwino akuti sipatenga nthawi."

Ndinabweza kafoni m'chitenje. Galimoto yafika pakhomo, chitseko chili pululu, mdzukulu wanga akundiitana, ndipo chondilekanitsa naye ndi kamtunda kosakwana mkono.

Apongozi anaima pamvula, chipewa m'manja. Analankhula moyang'ana kukhonde kumene kunali thadzi, ndipo mawu awo anali osweka.

"Nkhuku iwe, uwauze amayi kuti ndalakwa. Ndinaganizira msewu, mawondo ndinaiwala."

Kenako anatenga thumba m'galimoto, analiyala pamsana, nagwada m'matope pafupi ndi chitseko, manja pansi, mawondo pansi, nkhope atabisa kutayala.

"Uwauze kuti apa pali mwala. Aponde."

Ndinauyang'ana msana umenewo. Ndinkaudziwa bwino kuposa msana wina uliwonse padziko. Ndi umene unasenza malata a nyumba yanga kukwera nawo phiri. Ndi umene unatsogola kunyamula bokosi la malemu amuna anga. Ndiwuponde ndi phazi lamatope? Mwala? Ayi, ameneyo si mwala.

Pamenepo ndinakumbukira amayi anga. Ankanena kuti mwambowu uli ndi khomo lake lotulukira: mpongozi wamkazi akakhutira ndi mkamwini, amamupatsa nkhuku pamanja, dzanja ndi dzanja, kuopana n'kutha, mkamwini n'kusanduka mwana. Iwo ankati adzachita chaka chamawa, chaka chamawa, mpaka anapita osaiona nkhope ya amuna anga. Ndipo amuna angawo pamaliro analira kuposa ife ana obereka, akuti, amayi apita osandidziwa. Inenso chaka chamawa chinali chitandikwanira kambirimbiri. Ndinkachita manyazi, basi, manyazi a chizolowezi.

Ndinabwerera kukhonde. Nkhuku yonyowa sithawa. Ndinaligwira thadzi langa, kulipanira m'khwapa, ndodo patsogolo, ine pambuyo.

"Apongozi."

Msana uja unanjenjemera. Chibwerere pamudzi pano anali asanamvepo mawu anga akubwera kwa iwo opanda wowanyamula.

"Apongozi, dzukani. Tembenukani kuno."

Anadzuka pang'onopang'ono, matope ali chuuu m'mawondo. Anatembenuka, koma maso ali pansi.

"Landirani. Ndi manja awiri. Ndipo mundiyang'ane, mwana wanga, khosi langa latopa ndi kupotoka."

Analandira. Zala zawo zinakhudza zanga, zozizira, zokhakhala. Anakweza nkhope.

Ha! Kani mnyamata wa miyendo ya bango uja anakalamba! Ndevu zili mbuu, imvi mpaka m'nsidze. Maso ofatsa, ofiira, madzi akutsika m'masaya, ena a mvula ena ayi. Ndipo pachibwano kachibowo, kokongola, ngati Mulungu anadinapo ndi chala chaching'ono dothi lisanaume. Zaka zonsezi kachibowo kameneka kankadutsa pakhomo panga ine osakadziwa.

"Amayi," iwo. Basi, mawu omwewo. "Amayi."

"Ee, ndine. Tsono nyamula amako, mwana akudikira."

Thadzi analiika kumbuyo. Ine anandinyamula ngati dengu la tiyi wa mmawa, nyamu, n'kundikhazika osati kumbuyo ayi, kutsogolo, pambali pawo. Anandimanga lamba ndi manja awo.

Ulendo umenewo! Ndinali pamwamba ngati bwana, tiyi yense ndikumuonera pamutu, tiyi amene anandiona ndikubisala m'mizere yake. Galimoto inkapendama uku ndi uku, apongozi akuyendetsa mofatsa, akuti yakwera, siifunanso kukhota mwaukali. Pa bulugamu wopsa tinadutsa chulu chili pansi pathu, osatikhudza. Othyola tiyi anaweramuka m'minda kutiyang'ana, ine ndikuwakupizira dzanja. Ndipo tinacheza. Mawu a zaka zonse anali atadzaza nkhokwe. Anandiuza kuti nyemba zanga za kalongonda amazikonda koma ankachita manyazi kupempha zowonjezera. Ndinawauza kuti kachifuwa kawo kaja ndinkakadikira Loweruka lililonse. Thadzi kumbuyo lili kwee, kwee, ntchito italithera.

Pachipatala anandinyamulanso kunditsitsa, anthu onse akuona. Mwana wanga anali pakhomo la wodi, ndipo ataona amuna ake atanyamula amake, anagwira pakamwa.

"Amayi! Bambo ake! Mwatani?"

"Tseka pakamwa, mulowa ntchentche. Ali kuti mwana?"

Anamwino anandilola kulowa. Mdzukulu wanga anali thukuta lokhalokha, maso atatembenuka. Ndinamugwira dzanja, ndinaika pakamwa pakhutu lake, n'kuyamba kanyimbo kaja ndinkamuimbira pomusambitsa ali kakhanda. Anati, "Agogo, mwabwera," nandifinya zala mpaka kulira. Sipanatenge nthawi. Anachira, mwana wamkazi, wa mawu ngati wa kwaya. Anamupukuta, anamugoneka pachifuwa pa amake, kenako anandipatsa, ndipo ndinamulandira m'chitenje changa chatsopano monga tinapanganirana.

Amayi a pabedi loyandikana anayamba zawo zija. Wafanana ndi amake. Ayi, mphumiyo ndi ya kuchimuna. Mwana wanga akuti mphuno ndi yake. Ine ndinasendeza chitenje, n'kuyang'ana kankhope kofiirako, ndipo pachibwano, taonani, kachibowo. Chala chomwe chija, dothi lomwe lija.

"Khalani chete nonse," ine. "Uyu ndi agogo ake aamuna. Chibwanochi ndachiona lero lomwe."

Ndikanachedwa tsiku limodzi lokha, ndikanamunyamula mwanayo osadziwa kuti wafanana ndi yani.

Thadzi sanalidye. Lili kwawo kumunsi, lanenepa, akuti lili pa penshoni. Sitepe anaiwotcherera sabata yotsatira, mkamwini wanga ndi makaniko uja, yolimba, yotsika bwino, yopindika pofuna kudutsa pamiyala. Makaniko anabwera kudzandionetsa, ndi sopo m'manja, akuti tsopano mkazi wanga uzikwera wekha. Sitepeyo ndi yabwino, sindinama. Bondo likhoza kuikwanitsa.

Koma galimoto ikaima pa peyala, ine ndimafika pachitseko, ndimaiyang'ana sitepe, ndimapuma mozama, n'kunena kuti, "Mwana wanga, mawondowa lero akana."

Iye amaseka, kachibowo kaja n'kuzama, n'kundinyamula.